Chitupa n'chathu, nanga makiyi ake akusunga ndani?

Dzinja likafika, nyimbo imakhala yomweyomweyo m'malo ogulitsira feteleza wotsika mtengo. Alimi afola kuyambira m'bandakucha, chitupa cha unzika chili m'manja, ndalama yamangidwa pansonga ya chitenje, matumba ali mbwee m'shedi, koma kalaliki akungoyang'ana foni n'kumapukusa mutu: netiweki palibe. Kwa wa m'tauni, imeneyi ndi nkhani yongodandaula pa Facebook n'kuiwala. Kwa mlimi wa ku Nachisaka, kumapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, ndi tsiku lathunthu lotayika, ndalama ya kabaza yopita ndi yobwerera, komanso chimanga chomwe chayamba kale kuchita chikasu m'munda.

Ambiri timathera potukwana makampani a foni, ndipo nthawi zina amayeneradi. Koma pali funso lina lomwe silifunsidwa. Chitupa chomwe mlimiyo wagwira si pepala wamba. Chili ndi kachipi, komwe ndi kakompyuta kakang'ono. Nanga bwanji khadi lanzeru chonchi likulephera kudzilankhulira lokha mpaka nsanja ya foni itadzuka? Yankho lake likutifikitsa pa kanthu komwe simudzakamva pamsonkhano wandale, chonsecho kali ndi mphamvu pa feteleza wanu, pasipoti yanu ndi ndalama zanu. Akatswiri a makompyuta amakatchula kuti library.

Tiyambire pa zomwe muli nazo m'thumba. SIM khadi ya m'foni mwanu, khadi la ku banki, chitupa cha unzika, ngakhale kachipangizo kooneka ngati fulashi komwe ena amasainira zikalata kapena kuvomerezera malipiro pakompyuta, zonsezi ndi banja limodzi. Zimapangidwa kuti zizisunga kiyi wachinsinsi, nambala yaitali zedi yomwe siyenera kutuluka m'kachipimo. Kompyuta ikafuna umboni woti khadi ndi lenileni, siipempha kiyiyo. Imatumiza funso, kachipi n'kuchita masamu ake mkati momwemo, n'kubweza yankho lomwe khadi lachinyengo silingathe kupeka. Fotokope ya chitupa singachite zimenezi.

Vuto n'lakuti machipi amasiyana kalankhulidwe. Pulogalamu ya pakompyuta, kaya ndi ya banki, ya chipatala kapena ya unduna wa zaulimi, siingangoyamba kucheza ndi kachipi kalikonse. Pamafunika wotanthauzira pakati, monga zimakhalira kukhoti woweruza akamafunsa m'Chingerezi, mboni n'kumayankha m'chilankhulo cha kwawo. Wotanthauzira ameneyu ndiye library, kafayilo komwe kampani yopanga khadi imapereka. Pa Windows dzina lake limathera ndi .dll, pa Linux limathera ndi .so. Pulogalamu imauza library kuti itsegule khadi, ipereke PIN, isaine chikalata, ndipo library imamasulira zonsezo m'malamulo omwe kachipi kamamva.

Tsono taganizirani wotanthauzira yemwe si wanu, amalipidwa ndi wina, ndipo ndi yekhayo amene amamva chilankhulo cha mboniyo. Tsiku lomwe wanyanyala, khoti latseka. Akakweza mtengo, mulipira basi. Akati iye amagwira ntchito pa Windows pokha, foni yanu ya Android yatsala panja. Laisensi yake ikatha, makhadi mamiliyoni amasanduka mapulasitiki wamba. Apa ndi pomwe pagona nkhani yathu. Amene wasunga library ndi makiyi ndiye mwini weniweni wa dongosolo lonse, ngakhale pakhadipo patalembedwa kuti Republic of Malawi.

Vutoli dziko lidaliona kale, ndipo mankhwala ake alipo. Amene mudagwirako mafoni akale mukukumbukira nkhani ya matchaja: Nokia ya pini yaikulu, Nokia ya pini yaing'ono, Samsung yakeyake, Motorola yakeyake. Ukaiwala tchaja kunyumba, foni yazima basi. Lero ambiri tikubwerekana tchaja cha USB-C mosavuta, ndipo mayiko a European Union adachita kuika lamulo loti kuyambira Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi kabowo kameneka.

Makhadi anzeru nawonso ali ndi muyezo wawo wofanana ndi USB-C. Dzina lake ndi PKCS#11. Udatulutsidwa ndi RSA Laboratories ya ku America mu 1995, ndipo kuyambira 2013 ukusamalidwa ndi bungwe la OASIS, lomwe limauika poyera kuti aliyense awerenge mwaulere. Pambali pake pali miyezo ina iwiri: ISO 7816, wonena momwe kachipi kamalandirira malamulo, ndi PC/SC, wonena momwe kompyuta imalumikizirana ndi kamakina kowerengera khadi.

Phindu lake n'losavuta kumva. Wolemba pulogalamu amalemba kamodzi motsatira muyezo. Boma likasintha kampani yopanga makhadi, amangochotsa kafayilo ka kampani yakale n'kuikapo ka yatsopano, ntchito n'kumapitirira. Firefox, Adobe Acrobat ndi OpenSSH zimatha kale kulandira library yamtunduwu. Palinso OpenSC, pulogalamu yaulere yomwe imawerenga zitupa za mayiko ngati Estonia, Belgium ndi Spain. Chenjezo n'lakuti kampani ikhoza kulemba dzina la muyezowu pa kabuku kotsatsira malonda, koma ntchito zofunika kwambiri itazibisa m'mbali zake zapadera zomwe wina aliyense sangazigwiritse. Ndiye mawu olembedwa m'kontirakiti ndi omwe ali ndi ntchito.

Anthu a ku Dowa si alendo pa nkhani ya makhadi anzeru. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, mbali ina ya bomali itakolola zochepa kaamba ka ng'amba, bungwe la Concern Worldwide lidagawa ndalama kwa mabanja pafupifupi 11,000 pansi pa ntchito ya Dowa Emergency Cash Transfers. Mothandizana ndi Opportunity International Bank of Malawi, adayesa njira yomwe panthawiyo idali yachilendo: khadi la kachipi, chidindo cha chala m'malo mwa siginecha, ndi galimoto ya banki yofika kumudzi. Ambiri mwa olembetsedwa adali amayi. Nthawi imeneyo kudalibe Airtel Money, kudalibe Mpamba, WhatsApp idali isadabadwe.

M'zaka zimenezo makhadi ogwiritsa chala m'dziko muno ankayenda pa Malswitch, makina omwe Reserve Bank of Malawi idakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi luso la kampani ya Net1 ya ku South Africa. Lusolo lidali ndi ubwino waukulu, chifukwa lidapangidwa kuti lizigwira ntchito ngakhale popanda kulumikizana ndi likulu nthawi yomweyo. Koma lidalinso ndi mpanda, poti khadilo linkamvana ndi makina a mtundu wake okha. Dziko lonse litatsata muyezo wa EMV, womwe makhadi a Visa ndi Mastercard amayendera, ndipo mabanki athu atalumikizana pa National Switch mu 2015, ndi angati lero akuyendabe ndi khadi la Malswitch? Mbiri imeneyi ikutisiyira maphunziro awiri. Khadi likhoza kugwira ntchito kumudzi popanda intaneti. Koma khadi lotsekeredwa mumpanda wa kampani imodzi silikhalitsa.

Patatha zaka khumi, mu 2017, National Registration Bureau mothandizidwa ndi UNDP idalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'mwamba m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Idali ntchito yonyaditsa. Adatijambula nkhope, adatenga zidindo za zala, adatipatsa khadi la kachipi. Lero chitupachi chimafunidwa polembetsa SIM khadi, potsegula akaunti ku banki ndi polembetsa m'kaundula wa zisankho. Kuyambira 2020, pomwe AIP idayamba, chidalowanso m'malo mwa kuponi ya feteleza.

Koma tadzifunsani, ndi kangati mudaona munthu akulowetsa chitupa chanu m'makina owerenga kachipi? Kumaofesi ambiri amangochita fotokope. Kwa ejenti amakopera nambala m'buku. Kogula feteleza amajambula QR code yosindikizidwa pakhadipo, apu n'kufunsa kulikulu ngati dzinalo lili pamndandanda. Tidagula thirakitala, koma tikuikoka ndi ng'ombe.

Zotsatira zake tikuziona. Netiweki ikagwa, zonse zaima. Komanso QR code siidziwa yemwe waigwira. N'chifukwa chake mavenda amayendayenda m'midzi kugula kapena kubwereka zitupa za alimi ovutika, ndipo apolisi akhala akugwira anthu ali ndi mulu wa zitupa za eni ake. Makina owerenga kachipi n'kufananitsa chala cha mwini wake pomwepo akadatseka mpata waukulu wa chinyengo chimenechi. Kuti zimenezi zitheke, wolemba apu ya feteleza, ya chipatala kapena ya SACCO akufunika library yowerengera chitupacho, malangizo ake olembedwa bwino, ndi makhadi oyeserera. Mtsikana kapena mnyamata wophunzira zamakompyuta ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena UNIMA akafuna zimenezi lero, agogode khomo liti? Funso limeneli a NRB aliyankhe poyera.

Ngati mukuona ngati tikukokomeza za kuopsa kosungitsa makiyi kwa wina, kumbukirani za mapasipoti. Mu Malichi 2019 boma lidasainirana mgwirizano wa $60.8 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain woti izipanga mapasipoti. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adathetsa mgwirizanowo. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti zigawenga za pakompyuta zalowa m'makina a Immigration ndipo zikufuna dipo. Ena adatsutsa, n'kumati gwero la vutolo lidali malaisensi a pulogalamu. Kaya mukhulupirire mbali iti, phunziro ndi limodzi: dziko silidathe kudzutsa lokha makina ake mwamsanga. Omwe adalipira mtengo wake ndi ophunzira omwe adapeza malo a sukulu kunja, odwala ofuna chithandizo, amalonda odumpha malire ndi achinyamata opita kukasaka maganyu ku Joni.

Chodabwitsa n'chakuti pasipoti yomweyo ikangotuluka imawerengeka pabwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku London popanda vuto. Chifukwa chake n'chakuti kawerengedwe ka pasipoti kamatsata muyezo wapoyera wa ICAO 9303, womwe mayiko adagwirizana. Mbali yomwe ili pa muyezo imayenda paliponse. Mbali yomwe idali m'manja mwa ochepa ndi yomwe idatigoneka pamizere.

Tikudziwa kuti pali otsutsa, ndipo mfundo zawo n'zoyenera kuziyankha. Ena amati kuika library poyera n'kuitana akuba. Koma chitetezo cha loko wabwino chimagona pa kiyi, osati pobisa momwe lokoyo adapangidwira. Taonani zomwe zidachitika ku Estonia, dziko la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni lomwe lakhala ndi chitupa cha kachipi kuyambira 2002. Mu 2017 akatswiri a ku Masaryk University ku Czech Republic adapeza kuti library ya kampani ya Infineon, yomwe inkapanga makiyi mkati mwa machipi, idali ndi chilema. Library imeneyi idali yobisa, idali ndi ziphaso zonse za chitetezo, koma chilemacho chidakhalamo pafupifupi zaka zisanu. Makhadi oposa 700,000 a ku Estonia adakhudzidwa, pamodzi ndi zipangizo zina monga YubiKey 4. Kubisa sikudateteze aliyense.

Chomwe chidapulumutsa Estonia n'chakuti idali ndi akatswiri akeake komanso pulogalamu yake yowerengera chitupa, yomwe ili poyera pa GitHub. Mu Novembala 2017 boma lidaimitsa makiyi ofookawo, ndipo anthu ambiri adakonzetsa makhadi awo ali kunyumba, pakompyuta yawo, posinthira ku mtundu wina wa makiyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zitachitika pa chitupa chathu, ndani m'dziko muno angakonze popanda kudikira ndege yochokera kunja?

Ena amati makina owerengera makhadi ndi okwera mtengo. Kamakina wamba ka USB kowerengera khadi mtengo wake sufika n'komwe pa thumba limodzi la feteleza wa m'sitolo. Kowerenga zala n'kokwererapo, koma werengetsani matumba omwe amathera kwa mavenda chaka chilichonse, muone komwe kukutayika ndalama.

Enanso amafunsa kuti, popanda netiweki, munthu sangagule kawiri m'malo awiri osiyana? Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, koma njira zilipo. Mlimi aliyense akhoza kupatsidwa malo amodzi ogulira, mndandanda wa malowo n'kuikidwiratu m'makina. Makinawo akhoza kusaina malonda aliwonse ndi kiyi wawo, n'kutumiza zonse kulikulu madzulo kalaliki akafika pomwe netiweki ikugwira. Anthu ankalandira ndalama mwanjira yofanana ndi imeneyi kalekale 3G isadafike.

Palinso nkhawa ya zinsinsi zathu, ndipo pamenepa tisanyengerere. Kutsegula library si kutsegula kaundula wa NRB kuti aliyense aziona dzina la mayi anu ndi mudzi wanu. Khadi lisatulutse kanthu mwini wake asadavomereze ndi PIN kapena chala, ndipo lizitulutsa chokhacho chomwe chafunsidwa. Wogulitsa mowa akungofunika kudziwa ngati mwakwana zaka 18, za mfumu yanu alibe nazo ntchito. Tili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA idapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Tilinso ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yomwe imazindikira siginecha ya pakompyuta. Malamulo alipo, chatsala n'kuwapatsa mano.

Tsono ife tikupempha zinthu zisanu, ndipo palibe chomwe chikufuna ndalama zankhaninkhani.

Choyamba, kontirakiti iliyonse ya boma yogula makhadi, ma token kapena makina owerengera inene mosapita m'mbali kuti katunduyo atsate PKCS#11, ISO 7816 ndi PC/SC, kuti library ibwere ya Windows, Linux ndi Android, komanso kuti laisensi yake isakhale yotha ngati bandulo. A PPDA asavomereze mgwirizano wopanda mawu amenewa.

Chachiwiri, makiyi akuluakulu a dongosolo lililonse apangidwire m'dziko muno ndipo asungidwe m'makina a boma, mogawana pakati pa akuluakulu angapo, kuti munthu mmodzi kapena kampani imodzi isathe kutseka kapena kutsegula yokha. Boma lizikhalanso ndi kope ya malemba enieni a pulogalamuyo.

Chachitatu, ndalama yomaliza isaperekedwe kampani isadaonetse kuti ogwira ntchito a Chimalawi akhoza kuyendetsa makinawo okha, kuwazimitsa n'kuwadzutsanso, ndiponso kuti khadi la kampani ina likhoza kulowa m'malo popanda kulemba pulogalamu yonse mwatsopano. Ukwati wabwino ndi womwe ankhoswe akudziwa pokhalira zikavuta.

Chachinayi, NRB itulutse library yowerengera chitupa, malangizo ake ndi makhadi oyeserera, kuti mabanki, zipatala, ma SACCO ndi achinyamata olemba mapulogalamu amange pamaziko amodzi. Zitupa zomwe zidzapangidwe mtsogolo zizitha kuwerengedwa ndi foni ya NFC pongoigunditsa, monga zimakhalira ndi mapasipoti a kachipi.

Chachisanu, dongosolo lililonse lisadakhazikitsidwe ku hotela ku Lilongwe, likayesedwe kaye ku Nachisaka mwezi wa Januwale, mvula ikugwa, msewu uli matope okhaokha, data ya foni itazimitsidwa. Likalephera kumeneko, libwerere kwa omwe adalipanga. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ndiye chomwe chikugwira ntchito ku City Centre kokha sichinganenedwe kuti n'cha dziko lonse.

Inu achinyamata, mbali yanu ilipo. Amene mumakonda zolemba mapulogalamu, simukufunika kudikira khadi lenileni kuti muyambe. Pali SoftHSM, pulogalamu yaulere yomwe imachita ngati token, ndipo mu OpenSC muli pkcs11-tool yoyeserera kupanga makiyi ndi kusaina. Laputopu yakale ndi bandulo ya usiku zikukwana. Anthu odziwa ntchito imeneyi ndi ochepa, ndipo mabanki, makampani a foni ndi boma amawafuna. Dziko likapanda kukhala nawo, lizingoitanitsa alendo ndi madola omwe tilibe.

Amene zamakompyuta si mbali yanu, yambani n'kusamala chitupa chanu ndi cha makolo anu. Musachisiye kwa venda ngati chikole, musatumize chithunzi chake pa gulu la WhatsApp, ndipo PIN ya foni kapena ya ku banki musauze munthu, ngakhale woimba foni atadzitchula kuti ndi wa ku kampani. Kenako funsani mafunso. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lembani kalata yopempha kuona zomwe kontirakiti ya makhadi ikunena pa za library ndi makiyi. Phungu wanu akabwera kudzagawa mayunifolomu a mpira, mufunseni ngati komiti yake idafunsapo funso limeneli.

Posachedwa chitupa chidzalowa m'foni, monga momwe ndalama zidalowera, ndipo makontirakiti atsopano adzasainidwa. Imeneyo ndiye nthawi yokakamira, inki isadaume, chifukwa mgwirizano woipa umatenga tsiku limodzi kusaina koma zaka kuti utulukemo. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Kugula makhadi ndi makina kunja palibe cholakwika, poti mayiko ambiri amatero. Koma makiyi ndi wotanthauzira zikhale m'manja mwa Amalawi, ndipo boma litionetse pepala lotsimikizira zimenezo.